Gogodela, wonga ndi kaundula wa boma

Mfuti imene inkalira m'nkhalango za Dzalanyama, Kasungu ndi Nkhotakota masiku a makolo athu sinkadya chipolopolo chogula m'sitolo. Inali ya gogodela, yodyera kukamwa. Mlenje ankathira wonga mumpope, n'kutsendera ndi kamtengo kapena kachitsulo kakatali, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsenderanso. Akawomba kamodzi basi, ntchito yonse inkayambiranso poyamba, uku njati yovulala ikumuyang'ana. Kuwomba kulikonse kunali ndi muyeso wake, ndipo muyesowo unkakhala m'mutu mwa mwini mfuti, osati papepala. Ambiri a ife amene tinakulira ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Area 23 ndife adzukulu a anthu amenewa, ngakhale lero timangodziwa mfuti ya mlonda wa pabanki ndi ya wapolisi wa pa rodibuloko.

Mfuti zimenezi zinalowa m'dziko muno kwambiri m'zaka za m'ma 1800, ndipo zinadzera njira zitatu. Amalonda Achiyao ankabwera nazo kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane. Aswahili a Jumbe ankaziolotsa nyanja pa zombo n'kufika nazo ku Nkhotakota. Achikunda, alenje a njovu ochokera m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi cha ku Tete, ankakwera nazo chakumpoto. Zambiri zinkasulidwa ku Birmingham ku England ndi ku Liège ku Belgium, zina zinali zotha ntchito zomwe asilikali a ku Ulaya anazitaya atapeza zabwino. Mtengo wake tisaubise ayi: minyanga ya njovu ndi anthu. Mfumu ikapeza mfuti ndi wonga inkatha kudziteteza kwa Angoni, koma wonga ukatha inkayenera kupeza mnyanga wina kapena munthu wina woti igulitse. Mwase wa ku Kasungu anakula mphamvu chifukwa anakhala panjira ya malonda amenewa ndipo anasonkhanitsa mfuti zambiri. Angoni a Maseko, amene ankadalira nthungo ndi chishango, anali ndi mtsogoleri wawo wotchedwa Chidyaonga.

Ku Birmingham kuja kunali nyumba yoyesera mfuti yomwe inakhazikitsidwa mu 1813. Mpope uliwonse ankauwombetsa ndi wonga wopitirira muyeso, ndipo ukapirira ankaudinda chizindikiro. Koma chidindo chimanena za tsiku limene anayesa. Mfuti ikayenda pamutu pa wamtengatenga kuchokera kugombe, n'kugona m'nyumba yautsi zaka makumimakumi, n'kuchita dzimbiri dzinja lililonse, n'kupita pachipala kangapo kuti wosula aimange pomwe yang'aluka, chidindo chija chimasanduka chokongoletsa chabe. Wonga nawo sunkafanana. Wina unkabwera wouma bwino, wina utamwa chinyezi panjira, wina amalonda atausakaniza kuti uchuluke. Zinali ngati ufa wa kuchigayo: wa mwezi uno sufanana ndi wa mwezi watha, ndipo amene amaphika tsiku ndi tsiku ndiye amaumva m'manja. Mlenje ankayenera kuidziwa mfuti yake payokha ndi wonga wake pawokha, ndipo akasintha chimodzi mwa ziwirizi, zonse zimene ankadziwa zinkayamba kukayikitsa.

Ine mlenje wa gogodela ndinamuona ndi maso anga m'zaka za m'ma 1980, pamene malume a mayi anga anabwera kudzakhala nafe ku Kawale akulandira mankhwala kuchipatala. Kwawo kunali cha ku Malingunde, kufupi ndi Dzalanyama. Tinkawaitana kuti agogo. Dzanja lawo lamanzere linali ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala zokha, kwinako kunali chipsera chosalala chonyezimira, ndipo patsaya lakumanzere panali timadontho takuda tolowa mkati mwa khungu tomwe sitinkachoka ngakhale asambe chotani. Nsima ankatema ndi dzanja lamanja, koma fodya ankapichira ndi zala ziwiri zija mwaluso moti anafe tinkasiya masewera n'kumaonerera.

Tsiku lina mchimwene wanga analimba mtima n'kufunsa. "Agogo, zala zinazo zinapita kuti?"

"Zinatsala kudambo, mdzukulu wanga. Ndinabwereka mfuti ya alamu, ine n'kuidyetsa ngati yanga. Mfuti ya mnzako sudziwa mimba yake."

Anatifotokozera kuti mlenje aliyense ankakhala ndi kabango kodula, kotseka mbali imodzi, komwe ankayezera wonga. Kabango kameneka ankakadula atayesa kambirimbiri, kuchepetsa pang'ono, kuonjezera pang'ono, mpaka mfuti izilira bwino osamukankha paphewa mopitirira. Ankakamangirira ndi kachingwe ku nyanga yosungira wonga. Tsiku limenelo mfuti yawo inali kwa wosula, nguluwe zinali zitatha chimanga kudimba, ndiye anatenga mfuti ya alamu awo koma kabango n'kukhala kawo. Mpope wa alamuwo unali utadyeka mkati. Unang'ambika pomwe anagwira.

Chimene chinandikhalira m'mutu n'chakuti agogowa ankasunga chiwerengero ndithu, koma cha zinthu zina. Pathako pa mfuti yawo, anatero, anali atalemba timizera ndi mpeni, kamzera kamodzi nyama yaikulu imodzi. Ankakumbukira dambo limene anaphera mphalapala, chaka cha dzombe, ndi mfumu imene anaipatsa mwendo wa nyama monga mwa mwambo. Koma za wonga, wochokera kuti, wogula liti, wouma kapena wonyowa, mfuti yapita kangati kwa wosula, zonsezo zinalibe kamzera. Zinkakhala m'mutu, ndipo mwini mutu akamwalira, mwana wa mlongo wake ankalandira mfuti yokha popanda mbiri yake.

Ndipo pamene palibe cholembedwa, mlandu umagwera wofooka. Mwambo wa ulenje unali ndi zoletsa zake. Mwamuna akamapita kutchire ankayenera kudika, ndipo mkazi wotsala kumudzi ankayenera kudzisunga, poti anthu ankakhulupirira kuti mkazi akayenda njira, mwamuna akumana ndi tsoka kuthengo. Ndiye mfuti ikaphulika, anthu sankayamba ndi kufunsa za mpope. Ankafunsa kuti mayi a kunyumba anagona kuti. Agogo aja ananena okha kuti akazi awo anakhala pabwalo la milandu chifukwa cha zala zija, ndipo panatenga nthawi kuti abale awakhulupirire. Ine ndimalemekeza miyambo ya makolo, koma apa pokha ndimaona kuti amayi ambiri anasenza mlandu wa dzimbiri.

Buku loyamba lolemba za mfuti m'dziko muno linabwera ndi atsamunda, ndipo silinabwere kudzateteza zala za munthu. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anasainirana pangano ku Brussels loletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo m'chigawo chachikulu cha Africa, ponena kuti akufuna kuthetsa malonda a akapolo. Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Britain, Harry Johnston n'kukhala wolamula, ndipo mwa misonkho yoyambirira imene anaika panali wa mfuti. Zaka zotsatira zinali zolanda zida. Mlozi anagonjetsedwa ndi kupachikidwa ku Karonga mu December 1895. Pa nthawi yomweyo asilikali anathira nkhondo Mwase wa ku Kasungu, ndipo iye anadzipha posafuna kugwidwa. Mu 1898 Angoni a Mpezeni anagonja cha ku Chipata. Mu 1897 boma linali litatseka kale dambo la Elephant Marsh kumunsi kwa Shire kuti anthu asasakemo mwaufulu. Boma la Lilongwe litakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, mwini gogodela wa m'midzi yozungulira anayamba kuyenda ulendo wokalembetsa. Kalaliki ankalemba dzina, mudzi, mfumu, nambala ya mfuti ndi ndalama yolipira. Bukulo linkayankha funso limodzi lokha la bwana DC: kodi mfuti zili ndi yani, ndipo zilipo zingati?

Kuti funsoli linali lalikulu motani kwa atsamunda zinaoneka mu January 1915, pamene anthu a John Chilembwe anapita usiku ku Mandala ku Blantyre kukathyola nyumba ya African Lakes yosungira zida. Anatengako mfuti zochepa chabe, ndipo kuukirako kunatha m'masiku owerengeka. Amene anali ndi kiyi wa nyumba ya wonga ndiye anali ndi dziko.

Malamulo a nyama atakhwima m'zaka za m'ma 1920, ngakhale amishoni ena anadandaula kuti boma likusamala njovu ndi nguluwe kuposa minda ya anthu. Ku Kasungu anthu anasamutsidwa mu 1922 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo malo awo anasanduka nkhalango yotetezedwa, yomwe mu 1970 inakhala paki. Wonga wa m'sitolo utayamba kuvuta kupeza popanda kalata ya boma, anthu ena anayamba kupanga wawo kuseri, ndipo umenewu ndiye unkasiyanasiyana kwambiri mphamvu yake. Lamulo linachepetsa mfuti, koma zotsalazo zinakhala zoopsa kwa eni ake kuposa kale. Amene anaona dongosolo lina anali asilikali a King's African Rifles, omwe anamenya nkhondo ku East Africa ndipo kenako ku Burma ndi mfuti za .303. Kumeneko chipolopolo chilichonse chinkatuluka m'bokosi lolembedwa, msilikali ankasainira mfuti yake ndi nambala yake, ndipo kutaya chida unali mlandu. Anabwerera kumudzi akudziwa kuti mfuti imayenda ndi pepala.

Maiko ena mwambo wodzithirira wekha wonga sunafe, unangosintha. Ku America, ku South Africa ndi kwina, alenje ndi ochita mpikisano wowombera omwe ali ndi chilolezo amatola makoko amkuwa a zipolopolo zomwe awomba n'kuwadzazanso. Koma wonga wa lero si wa agogo uja. Mu 1884 Mfalansa wina, Paul Vieille, anatulukira wonga wosatulutsa utsi wambiri, wamphamvu kwambiri kuposa wakuda uja, moti kulakwitsa pang'ono pokha kumang'amba chitsulo. N'chifukwa chake anthu amenewa sayeza ndi maso. Amayeza pasikelo, ndi muyeso wotchedwa grain, waung'ono moti paundi imodzi muli 7,000, galamu imodzi muli 15 ndi kanthu. Ndipo chida chimene amachilemekeza kuposa sikeloyo ndi kope. Amalemba tsiku, mtundu wa wonga ndi nambala ya gulu lomwe unatulukira kufakitale, kulemera kwa chipolopolo, mfuti imene awombera, nyengo ya tsikulo, ndi mmene khoko lamkuwa laonekera atawomba. Amalembanso kuti khoko lililonse ladzazidwa kangati, chifukwa mkuwa umatopa n'kuyamba ming'alu. Pabokosi lililonse amamatapo kapepala.

Zifukwa zake agogo a ku Malingunde akanazimva msanga. Wonga wa dzina limodzi ungasiyane gulu ndi gulu, ndipo kampani ikalengeza kuti gulu lakuti lili ndi vuto, wosalemba sangadziwe kuti zipolopolo zake zoipa ndi ziti. Muyeso woyenera mfuti imodzi ungakhale woopsa mu ina. Kukatentha wonga umachita mosiyana ndi kukazizira. Ndipo pakati pawo pali langizo limene onse amagwirizana: osawombera zipolopolo zodzaza munthu wina zopanda cholembedwa, ngakhale akhale bambo ako omwalira. Ndi nkhani ya mfuti ya alamu yomwe ija, kungoti iwo anaiika m'kope. Sindikufotokoza izi kuti wina ku Mgona kapena ku Area 25 ayesere. Kuno kwathu lamulo la mfuti la 1967 limafuna chilolezo kuti munthu akhale ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo kupanga zimenezi kunyumba ndi mlandu wopita nawo kundende ya Maula.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ana ndi adzukulu a osula a m'midzi anadzaza m'makomboni. Luso la chitsulo linabwera nawo koma linapeza ntchito zina: mbaula, zidebe, makasu, mageti, mawindo. Mukadutsa pa Biwi Triangle m'mawa, phokoso la nyundo ndi moto wa owotcherera zimakuuzani kuti chipala sichinazime. Gogodela nayo sinatheretu. Oyang'anira nyama ku Kasungu, ku Nkhotakota ndi ku Vwaza amalandabe mfuti zoterezi kwa opha nyama mozemba, zambiri zosula kumudzi ndi mipope yomwe sinapangidwire moto. Wozinyamula alibe chidindo cha ku Birmingham, ndipo ambiri alibe ngakhale mkulu wowaphunzitsa monga ankachitira alenje akale. Chilango chake n'chachikulu masiku ano, poti lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30 m'ndende.

Koma phunziro lalikulu la kaundula anthu a m'makomboni a Lilongwe sanaliphunzire kwa alenje. Analiphunzira mu December 1993. Asilikali ataphedwa ku Mzuzu pa mkangano ndi a Malawi Young Pioneers, gulu lankhondo linanyamuka kukalanda zida za apayoniya m'dziko lonse, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Ku Lilongwe anathira nkhondo ku Youth House, ku likulu la chipani cha MCP ndi ku Kamuzu Institute for Youth, pafupi penipeni ndi Kawale. Ife tinagona pansi, mayi akutikankhira kunsi kwa bedi, malata akunjenjemera. Mfuti zitaleka kulira, anyamata anathamangira kukaona, ena akubwerako ndi matumba a makoko amkuwa omwe tinkaimbira likhweru kwa miyezi. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ena anangovula yunifolomu n'kulowerera m'midzi ndi m'makomboni. Funso limene akuluakulu ankafunsana pa bawo linali lomwe lija la bwana DC: mfuti zinalipo zingati, zabwezedwa zingati, zotsala zili ndi yani? Gulu limene linkasunga zida kunja kwa dongosolo la asilikali ndi apolisi silinasiye yankho loti anthu wamba alikhulupirire.

Nthawi yomweyo nkhondo ya ku Mozambique inali itangotha ndi pangano la ku Rome la October 1992. Anthu othawa nkhondo, omwe anafika pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno, anayamba kubwerera kwawo, koma mfuti za AK-47 zinatsala zikuyendayenda m'malire a Dedza, Ntcheu, Mchinji ndi kuseri kwa Dzalanyama. Zinalibe mwini wolembedwa paliponse. Zotsatira zake tinaziona kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: achifwamba ofika usiku pagolosale, mipanda ya njerwa kukwera, zitseko zachitsulo, abambo kusinthana kulondera ndi zibonga ndi mawezulo. Owotcherera a ku Biwi anapeza msika wa mabagalaba. Ku Mozambique komweko, mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane inayamba mu 1995 kulandira mfuti posinthanitsa ndi makasu, njinga ndi makina osokera, mfutizo n'kuzidula. Zina amisiri anaumba nazo zosema zomwe lero zili ku British Museum ku London.

N'zochititsa chidwi kuti pangano la maiko a SADC lokhudza mfuti ndi zipolopolo linasainidwira kwathu konkuno, ku Blantyre, mu August 2001. Mtima wake ndi zinthu ziwiri zomwe mlenje wa gogodela analibe: chizindikiro chosafufutika pa mfuti iliyonse, ndi kaundula wosungidwa bwino wonena kumene yachokera ndi amene ali nayo. Kaundula wa atsamunda ndimamudandaula chifukwa ankalemba pofuna kulanda ndi kukhometsa msonkho. Koma nditaona 1993 ndi zaka zotsatira, sindingathenso kunena kuti kulemba n'kopanda ntchito. Mfuti yosalembedwa ikapha munthu ku Chinsapo, wapolisi amayamba kufufuza popanda poyambira, ndipo kawirikawiri amene amagona m'chitokosi ndi mlonda kapena mnansi amene anangokhala pafupi.

Vuto lomwe latsala m'nyumba zathu ndi la mfuti zamasiye. M'makomboni muno muli mabanja amene bambo anali msilikali wopuma, mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena Mchinji, kapena wochita malonda, ndipo anali ndi chifefe chake chololedwa. Bambo akamwalira, abale amakangana za nyumba, galimoto ndi mipando, koma mfuti imakulungidwa m'chitenje n'kukankhidwira kudenga kapena kuseri kwa wadilopu, pamodzi ndi kabokosi ka zipolopolo zomwe palibe akudziwa zaka zake. Chilolezo chinali cha malemu, sichilowa m'chuma chamasiye ngati mbale. Ana amakula, amakwera kudenga kufunafuna zina, amaipeza.

Ngati m'nyumba mwanu muli mfuti yotereyi, musaiyese, musaibwereketse, ndipo musaigulitse kwa munthu wobwera ndi ndalama m'manja. Kadziwitseni apolisi a dera lanu, ku Kawale, ku Kanengo, ku Lingadzi kapena ku likulu ku Area 30, muwauze dzina la malemu, ndipo akaitenga muonetsetse kuti nambala yake yalowa m'buku inu mukuona, n'kukupatsani pepala losonyeza kuti mwaipereka. Ndipo ngati kumudzi kwanu kukadali nkhalamba imene inagwirapo gogodela, pitani ndi kope ndi cholembera chaka chino, mukaifunse mayina a madambo, a osula ndi a mafumu amene ankalandira mwendo wa nyama, chifukwa anthu amenewa atsala ochepa.